Mwadzuka Bwanji, Aphunzitsi

"Siya! Ndati siya, iwe Noemi!"

"Ndi kasitika chabe, Bambo."

"Kasitika kako? Galimoto yako? Tsika m'menemo, bwera nalo kuno lezalalo."

Noemi sanatsike. Anali atagwada m'bokosi la pikapu ya bambo ake, akupala galasi lakumbuyo, tizidutswa tobiriwira titamumatirira m'zala. Theka la ntchito linali litatha kale. Dzina la koleji ya Tres Pozos linali litachoka pamodzi ndi kachithunzi ka mtengo wa alimondi. Panangotsala mawu akumayambiriro: KHOLO LONYADIRA MWANA WA PA.

A Eusebio Barragan anaima pansi, nsapato zawo zamphira zili matope okhaokha a kumunda, n'kuwerenga mawuwo milomo ikugwedera.

"Wa pa chiyani?"

"Bambo, tamverani kaye. Tsiku la intavyu mukandiperekeza ku mzinda wa kugombe pa galimoto yomweyi. Anthu a ku sukulu za udokotala amayang'ana chilichonse. Nsapato, zikhadabo, chimene wakwera."

"Ndiye akawona dzina la sukulu yako achita khungu?"

"Sukulu yanga ndi yunivesite. Digiri yanga ndi ya kumeneko."

"Oho! Nanga zaka ziwiri zija m'mawa uliwonse ndinkakutula pati? Pa bala?"

Chitseko cha kukhitchini chinatseguka, a Ofelia, mayi ake a Noemi, n'kusuzumira, manja ali ufa wa timikate topyapyala ta matotiya. "Anthu inu, msewu wonse ukumva. Abambo, mwanayu mumusiye anene."

"Mayi Prentiss anandiuza kuti…"

"Mayi Prentiss ndi ndani pakhomo pano?"

"Mlangizi wa ku yunivesite, Bambo, mukuwadziwa. Akuti pa mapepala zalembedwa kale, zimenezo sizifufutika. Koma pakamwa panga ndisayambe ndine kutchula. Akuti ena mwa osankha aja akangomva kuti munthu anayambira ku koleji ya m'dera, amaganiza kuti magiredi ake anangopatsidwa mwachifundo." Mawu ake anayamba kuthamanga. "Chaka chatha ndinalembera sukulu zonse zija, panali ina imene inandiitana? Imodzi yokha ndiyo inandiyankha ngati munthu, inati ndibwereze kemisitiri pa yunivesite chifukwa ya kuno sakuidziwa kulemera kwake. Ndinabwereza. Buku lomwelo, Bambo! Giredi lomwelonso. Chaka chathunthu chinapita. Chaka chino yandiitana imodzi basi. Ndikaphonya apa, ndiye kuti ndaphonya zonse."

"Ndiye ukawanamize."

"Si kunama. Ndi kusanena."

A Eusebio anatambasula dzanja, ndipo sanalibweze mpaka lezala litagwera m'chikhatho chawo. Analiika m'thumba la malaya, n'kumanga batani.

"Chotsalachi chikhala pomwepo," anatero. "Aliyense awone kuti ndikunyadira mwana wa pa kanthu kena kosatchulika."

Ndipo chinakhaladi. Tauni ya Tres Pozos ndi yaing'ono, anthu ake sasowa nthawi yowerenga magalasi a anzawo. Lamlungu potuluka m'tchalitchi, a Refugio, mnzawo wa ubwana wa a Eusebio, anagogoda galasilo ndi kiyi. "Wa pa chiyani, achimwene? Wa pa ndende? Nenani, tikamuwone ndi kachakudya." Amuna onse anaseka. A Eusebio anasekako pang'ono, kuseka kwa mano okha, n'kulowa m'galimoto. Noemi anakhala kumbuyo nkhope ili moto.

M'nyumba bambo ndi mwana ankapatsirana mchere osayang'anana.

"Bambo ako masiku ano akulankhula ndi mitengo," a Ofelia anamunong'oneza tsiku lina akutsuka mbale. "Dzulo ndawapititsira chakudya kumunda, ndawapeza aima kutsogolo kwa mtengo, chipewa chili m'manja, akuuuza kanthu m'Chingelezi. Atandiwona anayamba kukhosomola."

"Andikwiyira mpaka kufika pamenepo?"

"Kaya. Ine ndakhala nawo zaka zonsezi, Chingelezi chawo ndimachimva akamakangana ndi makina othirira basi."

Sabata imeneyo alimondi anachita maluwa. Chaka chilichonse amatero, koma chaka chilichonse Noemi ankadabwa ngati mlendo. Ukagona mitengo ili gwaa ngati nkhuni. Ukadzuka dziko lonse layera mbee, kuchokera kuseri kwa nyumba mpaka kumene maso alekera, ngati mitambo yatopa kumwamba yatsika kudzapuma pa nthambi. Malole anali atatula ming'oma ya njuchi m'mbali mwa minda, ndipo ukaima chete unkamva dziko likung'ung'udza pansipansi, mawu amodzi aatali osapumira. Munthu wa mtima wouma yekha ndiye akanatha kuloweza mayankho a intavyu pamalo otere. Noemi anayesa.

Womuyesa anali Kou Vang, mnyamata woyendetsa ambulansi, amene anthu onse m'tauni ankadziwa kuti ndi wake kupatula bambo ake, amene ankadziwa koma osafuna kudziwa. Masana ena awiriwo anakhala pa boneti ya galimoto ya Kou m'mphepete mwa munda. Kou anatsitsira magalasi pa mphuno, n'kukulitsa mawu.

"Mayi Barragan, tauzani komiti yolemekezekayi. Udokotala mukuufuniranji? Ndalama?"

"Iwe, chita zenizeni."

"Ndikuchita zenizeni. Yankhani, tili ndi ena panja, ana a madokotala."

Noemi anawongola msana. "Tsiku lina, ndili mu labu ina, ndinapatsidwa mwayi wogwira mtima wa munthu…"

"Labu ina?" Kou anachotsa magalasi. "Ija ya kuseri kwa shedi ya owotcherera? Ija feni yake inkalira ngati thirakitala? Ine ndinalipo, mayi. Ndine ndinathawira panja kukasanza m'maluwa."

"Mayi Prentiss akuti nkhaniyo ndi yabwino, koma malo ake si ofunika."

"Nanga Mayi Okamura? Nawonso ndi mayi ena ake?"

Noemi anayang'ana kumbali. Mayi Okamura anali mphunzitsi wa pa koleji ya Tres Pozos, wamfupi, wa imvi zodulidwa ngati za mnyamata, amene anali ndi lamulo limodzi losakambirana. M'kachipinda ka labu kaja munkagona thupi limodzi lokha, la bambo wokalamba amene ali moyo analipereka kuti ophunzira adzaphunzirirepo. Linkabwera pa galimoto yoyera kuchokera kugombe, lili ndi kachingwe kabuluu pa kakolo, ndipo chaka chikatha linkabwerera komweko. Dzina lake palibe ankalidziwa. Koma aliyense wolowa, kaya wachedwa, kaya wathamanga, ankayenera kuima pakhomo n'kunena momveka kuti, "Mwadzuka bwanji, aphunzitsi." Potuluka, "Zikomo, aphunzitsi." Woiwala ankabwezedwa panja kuti akalowenso. "Ine ndimangolozera," ankatero Mayi Okamura. "Wophunzitsa ndi uyu."

Tsiku la mtima lija, Mayi Okamura anauika m'manja mwa Noemi osamuchenjeza. Unali wolemera kuposa mmene ankaganizira, wozizira, wolimba ngati nkhonya ya munthu wolima. Feni inkalira, kuseri kwa khoma anyamata ankamenya zitsulo, koma iye sanamvenso kalikonse. Ankangoganiza kuti kanthu aka kanagunda bamboyu ali m'mimba mwa mayi ake, kanagunda tsiku limene anawona mkazi wake koyamba, kanagunda ali m'tulo osakayamika, osakalipira, zaka ndi zaka osapempha tchuthi. Ndipo lero kali phee m'manja mwa mwana wa munthu wothirira minda. Anatuluka m'chipindamo, ndipo chiyambire tsiku limenelo sanafunenso china chilichonse pa dziko.

"Ine ndine wa komweko, ukudziwa," Kou anatero, tsopano ndi mawu ake enieni. Duwa linali litagwera m'tsitsi la Noemi. Analichotsa mosamala n'kulisunga m'dzanja. "Satifiketi yanga ili ndi kamtengo komweko. Ukadzakhala dokotala, ine udzandipala ndi lezala liti?"

"Usandiyambe, Kou. Aliyense akundiyamba."

"Sindikukuyamba. Ndikungofunsa kuti ndikonzekere."

Tsiku la intavyu ananyamuka kukucha, chifunga chili tolo moti minda inkawoneka ngati maloto a munthu wina. Noemi anavala suti yakuda, nsapato atazinyamula m'manja kuti zisade. A Eusebio anavala malaya a ku tchalitchi ndi chipewa chatsopano. Njira yonse anakambirana za mafuta ndi za khofi. Anadutsa minda, anakwera mapiri obiriwira, kenaka potsetsereka chifunga chinang'ambika, ndipo patsogolo pawo panatambalala mzinda wonse, ndi nyanja kuseri kwake ikunyezimira ngati lata latsopano. Pamwamba pa phiri panali nyumba zazitali za magalasi okhaokha, ndege yaing'ono ya odwala ikutera padenga la imodzi mwa izo.

"Ndi pamenepo?" anafunsa a Eusebio chapansipansi.

"Ndi pamenepo."

Atayandikira, Noemi anawona chipata, mlonda wa yunifomu, ndi magalimoto osalala akutula anyamata ndi atsikana a masuti. Anatembenukira kwa bambo ake.

"Bambo, imani pano. Ndiyenda wapansi."

"Pakhomo ndi apo, mwana wanga. Ndingokutula."

"Chonde. Pano pali bwino."

A Eusebio anamuyang'ana, n'kukhotera m'kamsewu ka kuseri kwa sitolo yochapira zovala. Anazimitsa injini. "Undipeza pompano," anatero, maso ali kutsogolo.

M'kati zonse zinali zazikulu kuposa mmene zithunzi zinkawonetsera. Makonde aatali, zikepe zosalira, anthu a makhoti oyera akuyenda mofulumira ngati aliyense wanyamula moyo wa wina m'thumba. Oitanidwa anzake ankalonjerana ndi mayina a sukulu zawo. Atamufunsa iye, anatchula yunivesite, iwo n'kugwedeza mitu mokhutira. Zinali zophweka. Anadabwa kuti zinali zophweka chonchi.

Asanayambe mafunso, wophunzira wina anawayendetsa kuti awone malo. Anawawonetsa laibulale yoyang'ana kunyanja, ndi chidole chimene chimapuma ndi kubuula ngati wodwala weniweni. Kenaka anakankha zitseko ziwiri zachitsulo.

Fungo ndilo linayamba kumupeza, fungo lomwe lija. Koma chipinda chinali ngati tchalitchi. Kuwala kunkatsika kuchokera m'mawindo aatali n'kugwera pa matebulo ondandalikana mpaka kumapeto, lililonse lili ndi munthu wake wofundidwa nsalu yoyera. Iye anazolowera mmodzi. Apa panali khamu lonse, anthu amene anagwirizana osadziwana kuti imfa yawo ikhale sukulu. Pa tebulo lapafupi phazi linatulukira pang'ono, ndipo pa kakolo panali kachingwe kabuluu.

Noemi anaima pakhomo, mapazi pamodzi. Pakamwa panatseguka pokha.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi."

Mawuwo anayenda m'chipinda chonse n'kubwerera. Mnyamata wina anaphulika kuseka n'kudzigwira pakamwa. Mtsikana wa pambali pake anayang'ana uku ndi uku kufuna mphunzitsi amene walonjeredwayo. Woyendetsa alendo uja anamwetulira mwaulemu, kumwetulira kopatsa wodwala. Kumapeto kwa chipinda, bambo wina wamtali wa magolovesi anadzutsa mutu n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

Noemi analakalaka pansi patang'ambika. Potuluka anatsalira m'mbuyo, ndipo ngakhale anali ndi manyazi, milomo inanong'onabe yokha, "Zikomo, aphunzitsi." Pa windo la m'khonde anawona kuseri kwa nyumbayo galimoto yoyera itaima. Anaidziwa ndi kubenduka kwa chitseko chake chakumbuyo.

Atamuitana kukalowa mu ofesi ya mafunso, anapeza wokhala pa mpando ndi bambo wamtali yemwe uja, magolovesi atavula.

"Ndine Dokotala Tillery. Khalani. Ndinu amene mumalonjera akufa, eti?"

"Pepani, adokotala. Zinangochitika."

"Simunalakwe. Ndakalambira m'chipinda chija, koma sindinamvepo wina akutero. Anakuphunzitsani ndani?"

Yankho linali lokonzeka pa lilime, losalala ngati mwala wa mumtsinje: mu labu ina. Akanalinena, bamboyu akanagwedeza mutu ngati ena aja, n'kupita ku funso lotsatira. Koma m'maso mwake munabwera kachingwe kabuluu kaja, ndi mayi wamfupi wa imvi akubweza munthu pakhomo kuti akalowenso bwino.

"Mayi Okamura," anatero. "Pa koleji ya Tres Pozos. Ndi kumene ndinayambira."

Dokotala Tillery anatembenukira ku kompyuta. "Aa, inde. Zaka ziwiri." Mawu awo sanaume, koma anasintha pang'ono, ngati chitseko chimene wina wachikankha osachitseka. "Ndikuuzeni zoona, Mayi Barragan, poti mwandiuza zoona. Anzanga ena m'komiti adzafunsa. Amafunsa nthawi zonse. Makoleji amenewa sitiwadziwa bwino. Ena ndi abwino ndithu, ena ayi, ndiye tikakhala ndi anthu ambiri ofanana magiredi, timatsamira kumene tikukudziwa."

"Koma galimoto yanu njira imaidziwa."

"Galimoto iti?"

"Yoyera ija ili kuseriyo. Imafika kwathu chaka chilichonse." Noemi anapitiriza. "Akufa anu mumatikhulupirira nawo, adokotala. Mumatibwereka, timawasamala, timawabweza. Ndiye ndimangodabwa kuti zikafika pa amoyo…"

Analekera pomwepo. Anamva ngati waponya mwala pa galasi la eni ake. Kutali ndege ija inkanyamuka padenga.

Dokotala Tillery anaika cholembera pansi. Sanamwetulire, sanakwiyenso.

"M'kalata yanu yofunsira malo munalemba za mtima," anatero. "Simunanene kuti kunali kuti. Tandiuzani bwinobwino, ndi malo ake omwe."

Ndipo anawauza. Anawauza za feni, za anyamata omenya zitsulo, za mnyamata amene anakasanza m'maluwa, za kulemera kwa kanthu kaja m'manja. Anaiwala kuwongola msana. Anaiwala zonse zimene analoweza pa boneti. Pomaliza, dokotalayo anamuperekeza mpaka pakhomo.

"Yankho mudzalimva mwezi wamawa. Musadalire kwambiri nkhope yanga. Ine ndine mawu amodzi pakati pa ambiri."

Panja dzuwa linali litapendeka, mphepo ikununkhira mchere. Noemi anatsika phiri chothamanga, nsapato zikumuluma, osadziwa ngati wapambana kapena wadziwonongera yekha chaka china. Anakhota pa sitolo yochapira zovala ija, n'kuima.

Galasi lakumbuyo la pikapu linali mbee. Panalibe chilembo ngakhale chimodzi, ngakhale ulimbo wake. A Eusebio anali atakhala pa chitseko cha bokosi, lezala lili pambali, akuchotsa tizidutswa tobiriwira m'zikhadabo.

"Ndamaliza ntchito yako ija," anatero osadzutsa mutu. "Ndinaganiza kuti mwina utuluka ndi anzako atsopano. Tsopano ndingathe kukakutenga pakhomo penipeni, palibe adziwe kanthu."

"Bambo, ndawauza."

"Wawauza chiyani?"

"Zonse. Tres Pozos. Mayi Okamura. Ndinalonjera mitembo yawo pamaso pa anthu onse, ngati chitsiru."

A Eusebio anayang'ana mwana wawo, anayang'ana galasi, anayang'ananso mwana. Kenaka mapewa anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka chipewa chinagwa, Noemi naye n'kuseka misozi ikutsikira pa suti.

"Ndiye akutenga?"

"Sindikudziwa. Mwina ndazitaya ndekha."

"Mmm." Anatola chipewa n'kuchikuntha pa bondo.

Noemi anakhala pambali pawo. Kwa nthawi ndithu anangoyang'ana nyumba za magalasi zija zikuyaka ndi dzuwa pamwamba pa phiri.

"Bambo, kasitika kaja kanali kakale, kosuluka. Munakwiyiranji chotere?"

"Si kasitika." Anapukusa chipewa m'manja, kuchizunguliza. "Kuyambira tsiku limene anakuitana, ine ndinali ndi kanga kamene ndinkafuna. Ndinkafuna ndikaime pachipata paja, pamene saloleza kuimika, ndi galimoto yanga ya matopeyi, dzina lija lili kumbuyo. Mlonda abwere, aliwerenge, andifunse kuti bwana mukudikira ndani. Yankho ndinalikonza kale. M'Chingelezi. Ndakhala ndikuliyeserera kumunda."

"Pa mitengo?"

"Mitengo siseka katchulidwe ka munthu."

Noemi anatsika. Anapukuta m'maso, anakoka jekete la suti, n'kuika manja kumbuyo ngati wa yunifomu. Anazungulira galimoto pang'onopang'ono, akuyang'ana matayala ndi matope ake monyansidwa, n'kudzaima pamaso pa bambo ake.

"Pepani bwana, pano saimikapo galimoto. Mukudikira ndani?"

A Eusebio anaimirira. Anakonza kolala, anagwira chipewa pachifuwa monga ankachitira pamaso pa mitengo, n'kukhosomola kamodzi. Mawu anatuluka limodzilimodzi, olemera, m'chilankhulo chobwereka.

"Ndikudikira mwana wanga. Dokotala wa ku Tres Pozos."